Funsani Adokotala: Mpweya wa pachala uli 97, bwanji akufunabe kumuchita opaleshoni?

A Dokotala,

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4. Kuyambira ali khanda ankavutika kuyamwa, chibayo chinkangomubwerezabwereza, ndipo kusikelo sankakwera ngati anzake. Chaka chatha atamujambula mtima anatiuza kuti ali ndi bowo pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi. Mwamwayi tinapeza thandizo lobwera naye kuno ku India, ndipo asanakambe za opaleshoni anamulowetsa kachubu pamphechepeche mpaka kukafika mumtima. Papepala lomwe atipatsa alembapo motere: SVC 68, IVC 76, RA 71, RV 87, PA 88, Aorta 97, kenako Qp:Qs 3:1. Adokotala anafotokoza ndithu, koma Chingerezi chinali chothamanga ndipo ine mutu unali utabalalika. Chikundisokoneza n'chakuti kachipangizo kopana chala kaja nthawi zonse kamaonetsa 97 kapena 98, ndipo anamwino amati mpweya uli bwino. Apongozi anga kumudzi akuimba foni tsiku lililonse kufunsa kuti ngati mpweya uli bwino, tikufuniranji kung'ambitsa mwana? Opaleshoni aikonza masabata akubwerawa. Ndithandizeni kumvetsa.

Mayi wa ku Zomba

Mayi, funso la apongozi anulo si lachibwana ayi. Makolo ambiri amandifunsa lomweli, ena atagwira dzanja la mwana n'kundilozera nambala ikuphethira pakachipangizo. Koma kachipangizo kameneko sikangathe kuona vuto la mwana wanuyo, ndipo mukamvetsa chifukwa chake, pepala lonselo mulimva.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere, pakati pali khoma. Magazi omwe agwira kale ntchito m'thupi, okosijeni atachepa, amabwerera kumbali yakumanja kudzera m'mitsempha ikuluikulu iwiri. Wina umatsika kuchokera kumutu ndi m'mikono, ndiwo alemba SVC. Wina umakwera kuchokera m'mimba ndi m'miyendo, ndiwo IVC. Yonse iwiri imathira m'chipinda cham'mwamba chakumanja, RA. Kuchoka apo magazi amatsikira m'chipinda cham'munsi chakumanja, RV, chomwe chimawakankhira kumapapo kudzera mumtsempha wa PA. Kumapapoko amadzaza okosijeni n'kubwerera kumanzere, ndipo chipinda cham'munsi chakumanzere chimawapopera m'thupi lonse kudzera mumtsempha waukulu wotchedwa aorta. Qp ndi kuchuluka kwa magazi opita kumapapo pamphindi imodzi, Qs ndi opita m'thupi. Mwa munthu wopanda bowo awiriwa amafanana, ndiye timati 1:1.

Tsono pakhoma paja pakakhala bowo, magazi amatsata kosavuta kupita. Mitsempha ya m'mapapo ndi yofewa, silimbana ndi magazi ngati mmene imachitira ya m'thupi. Mtima ukangogunda, ena mwa magazi ofiira akumanzere, m'malo molowa mu aorta, amadutsa pabowo paja n'kubwereranso kumapapo komwe angochokera kumene. Otsalawo, omwe amakafika kuchala, ndi ofiira bwinobwino, odzaza okosijeni. N'chifukwa chake kachipangizo kakuti 97. Sikakunama, kungoti kakuyeza pamalo pomwe vutoli silionekera. Bowo likhale laling'ono kapena lalikulu, malinga magazi akuchoka kumanzere kupita kumanja, pachala pazionekabe 97.

Kuti vutolo lioneke ndi manambala, pamafunika kukatunga magazi m'kati mwenimweni, ndipo ndi zomwe anachita tsiku lija munadikirira panja. Mwana atagona ndi mankhwala, dokotala amalowetsa kachubu kowonda, kofewa, mumtsempha wa pamphechepeche, n'kumakakankha pang'onopang'ono uku akuonera pa X-ray. Akafika pamalo, amaima. Amakoka timagazi tochepa, toyambato amataya chifukwa n'totsalira m'chubu kuchokera pamalo apitawo, kenako amakoka tenitenito n'kutchula dzina la malowo mokweza kuti namwino alembe pasirinji. Amatero mofulumira, zonse m'mphindi zochepa, kuti magazi onse akhale a nthawi imodzi mwana asanasinthe kapumidwe. Masirinji aja akandandalikidwa pathireyi, nthawi zambiri maso amakhala atadziwa kale makina asanawerenge. Atatu oyambawo magazi ake ndi oderapo bii, monga ayenera kukhalira. Wachinayi, wotungidwa m'chipinda chomwe chimayenera kukhalanso ndi magazi akuda, waoneka wofiirira. Ine mpaka lero ndikaona zimenezi mtima umandigunda, chifukwa bowo lomwe lakhala likuvutitsa mwana zaka zonsezi limakhala laonekera poyera pathireyi.

Tengani pepala lanu tiyendere limodzi. 68, 76, 71, kenako mwadzidzidzi 87. Pakati pa RA ndi RV nambala yalumpha ndi 16. Kumbali yakumanja kulibe chilichonse chopanga okosijeni, magaziwo sanafike n'komwe kumapapo. Ndiye okosijeni woonjezerayo wachokera kuti? Kulibe kwina, wachokera kumanzere. Malo omwe nambala yalumphirawo ndi omwe amatiuza pali bowo. Ikadalumphira mu RA tikadati bowo lili pakhoma lam'mwamba. Ikadadikira mpaka mu PA tikadaganizira kamtsempha kolumikiza aorta ndi PA, kamene mwana aliyense amakhala nako ali m'mimba ndipo kamayenera kutsekeka masiku oyambirira akabadwa. Mwa mwana wanu yalumphira mu RV, zomwe zikugwirizana ndi zomwe anaona pojambula. Kulumpha kulikonse sitikuwerengera, chifukwa manambalawa amasiyanasiyana pang'ono ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Kawirikawiri timafuna kulumpha kwa 7 kapena kuposa m'chipinda cham'mwamba, ndi 5 kapena kuposa m'chipinda cham'munsi ngakhalenso mu PA. Nanga 16? Pamenepo palibe chokayikitsa.

Mwina mwadabwa kuti bwanji SVC ndi IVC zikusiyana pomwe onsewo ndi magazi ogwira kale ntchito. Impso ndi zomwe zimachititsa. Zimalandira magazi ambiri zedi kuti ziwasefe, koma okosijeni zimatapako pang'ono, ndiye magazi ochoka ku impso amalowa mu IVC akadali ofiirirako. Pofuna nambala imodzi yoimira magazi onse obwerera kuchokera m'thupi, madokotala ambiri amatenga ya SVC katatu, kuphatikiza ya IVC kamodzi, n'kugawa ndi 4. Kwa mwana wanu, 68 katatu ndi 204, kuphatikiza 76 ndi 280, kugawa ndi 4 ndi 70. Ena, makamaka kwa ana aang'ono, amangotenga ya SVC yokhayo. Zotsatira zake sizitalikirana kwenikweni.

Tsopano 3:1 uja. Taganizirani tiyi. Mukadziwa mmene tiyi wopanda mkaka amaderera, n'kudziwanso kuyera kwa mkaka, mtundu wa tiyi wa m'kapu umakuuzani ngati wothirayo anangodonthezamo kapena anachita kukhuthula. Magazi a 70 ndiye tiyi wakudayo, a 97 ndiye mkaka, ndipo 88 wa mu PA ndiye zomwe zili m'kapu. Kuti 70 ndi 97 zisakanikirane n'kutuluka 88, pafunika gawo limodzi la 70 ndi magawo awiri a 97. Yesani nokha: 70 kuphatikiza 97 kuphatikiza 97 ndi 264, kugawa ndi 3 ndi 88. Kutanthauza kuti pa magawo atatu alionse a magazi olowa m'mapapo a mwana wanu, limodzi lokha ndi lomwe likufunikadi okosijeni. Awiriwo akungozungulira.

Madokotala amawerengera mwanjira ina koma yankho ndi lomweli. Amachotsa 70 pa 97, kutsala 27. Ameneyo ndi okosijeni yemwe thupi likutapa magazi akamadutsa. Kenako amachotsa 88 pa 97, kutsala 9, yemwe mapapo akuonjezera magazi akamadutsa. Okosijeni yense amene thupi latapa, mapapo ayenera kumubweza. Ngati thupi likutapa 27 pomwe mapapo akuika 9 yekha ulendo uliwonse, ndiye kuti m'mapapo mukudutsa magazi ochuluka katatu. 27 kugawa ndi 9 ndi 3. Nambala ya magazi otuluka m'mapapo palibe papepala lanu, chifukwa kachubu sikafika kumeneko kawirikawiri. Popeza aorta ili 97, zikuonetsa kuti palibe magazi akuda olowerera kumanzere, ndiye amangoitenga kuti nayonso ndi 97 kapena pafupi pamenepo.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa makina onse omwe mukuwaona kumeneko. Adolf Fick wa ku Germany anailemba m'chaka cha 1870, nthawi yomwe panalibe njira yotungira magazi mumtima wa munthu wamoyo. Mu 1929 dokotala wachinyamata, Werner Forssmann, ku Eberswalde m'dziko lomwelo, anadzilowetsa yekha kachubu mumtsempha wa pamkono mpaka kukafika mumtima wake, n'kukadzijambulitsa pa X-ray kuti anthu akhulupirire. André Cournand ndi Dickinson Richards ku New York ndi omwe anaisandutsa njira yoyezera odwala m'zaka za m'ma 1940, ndipo awiriwa pamodzi ndi Forssmann analandira mphoto ya Nobel mu 1956.

Kodi 3:1 ndi wamkulu? Inde, mayi, ndi wamkulu. Ikakhala pansi pa 1.5:1 timati bowo ndi laling'ono ndipo nthawi zambiri timangoliyang'anira. Kuyambira 1.5:1 timayamba kuganiza zotseka, makamaka ngati mtima wayamba kukula. Ikapitirira 2:1 ndiye lalikulu. Zonse zomwe mwandilembera zikuchokera pamenepa. Mapapo odzaza magazi chonchi amalemera, mwana amapuma mwawefuwefu, chifuwa chilichonse chimafulumira kusanduka chibayo. Mukukumbukira ali khanda mmene ankayamwira pang'ono n'kusiya, thukuta lili kamukamu pachipumi, kenako n'kuyambiranso? Kuyamwa kwa iye inali ntchito yakalavulagaga. Chakudya chomwe chikanamukulitsa chinkathera pa kupuma ndi kupopa magazi ongozungulira aja, n'chifukwa chake mzere wa m'buku la kusikelo sunkakwera. Simunalakwitse kadyetsedwe, ndipo palibe anamulodza.

Koma pali chinthu china chomwe ndikufuna muchigwiritsitse. Nambala yomweyi, ngakhale ikuoneka yoopsa, ili ndi uthenga wabwino. Mitsempha ya m'mapapo ikamapanikizidwa ndi magazi ochuluka chaka ndi chaka, imayamba kukhuthala ndi kuuma, njira yake n'kumachepa. Ikafika pouma kwambiri sibwereranso mwakale, ndipo pamenepo kutseka bowo kumakhala koopsa kuposa kulisiya. N'chifukwa chake mabowo aakulu a pakhoma lam'munsi timafuna atatsekedwa m'chaka choyamba cha moyo. Ana athu ambiri amafika mochedwa, osati chifukwa cha kunyalanyaza kwa makolo, koma poti vutolo limabisala kumbuyo kwa chibayo ndi kunyentchera, ndipo ojambula mitima ya ana ndi ochepa. Kwa mwana wa zaka 4, funso lalikulu lomwe madokotalawo ankafuna kuyankha ndi kachubu kaja silinali lakuti kodi bowo lilipo. Limenelo ankalidziwa kale. Ankafuna kudziwa ngati mapapo akadali ofewa. Mapapo omwe akulola magazi ochuluka katatu kudutsa, kawirikawiri amakhala asanaume. Yang'anani papepala lomwelo, mupeza nambala ina yolembedwa PVR, yomwe imayeza kulimba kwa mitsempha imeneyi. Afunseni adokotala kuti yatuluka bwanji, ndipo ngati anamupatsa okosijeni wambiri pomuyeza, afunseninso ngati inatsika. Ngati aikonza opaleshoni ataona zonsezi, ndiye kuti aona kuti nthawi ikadalipo.

Sindikunamizani kuti opaleshoni ya mtima ndi yaing'ono. Muli ndi ufulu wokhala pansi ndi dokotala wochita opaleshoniyo, kupempha womasulira kapena kumupempha kuti ayankhule pang'onopang'ono, n'kumufunsa zoopsa zake, masiku omwe mwana adzakhale m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi mankhwala omwe adzamwe mukabwerera kuno. Muonetsetsenso kuti amuyang'ana mano, chifukwa dzino lobooka limatha kutumiza tizilombo kumtima. Koma mutandifunsa ine maganizo anga poona manambala mwanditumizirawa, ndingati musazengereze. Apongozi anu akaimbanso, muwauze mwaulemu kuti vuto la mdzukulu wawo si kuchepa kwa mpweya, koma kuti mapapo ake akusenza magazi ochuluka katatu, ndipo tsiku lomwe nambala ya pachala idzayambe kutsika ndi tsiku lomwe tidzakhale titachedwa.

A Dokotala,

Mchemwali wanga ali ndi zaka 26 ndipo anabadwa ndi bowo mumtima lomwe silinatsekedwe. Milomo ndi zikhadabo zake n'zakuda, nsonga za zala zinatupa, pachala pamaonetsa 84. Atamuyeza ndi kachubu anapeza 0.9:1. Ine ndinamva kuti 1:1 ndiye wabwino, ndiye ndinasangalala, koma madokotala akuti sangatseke bowolo ndiponso asatenge mimba. Kodi sakungotikaniza chifukwa ndife osauka?

Mchimwene wodandaula, Mzuzu

Achimwene, pepani kwambiri. Sakukukanizani chifukwa cha ndalama, ndipo ndikanakonda ndikanakhala ndi yankho lina.

Nambala yoyandikira 1:1 imatuluka m'njira ziwiri zosiyana kotheratu. Imatuluka pomwe palibe bowo, kapena ndi laling'ono kwambiri. Imatulukanso pomwe bowo ndi lalikulu koma mitsempha ya m'mapapo yauma mpaka magazi sakuthanso kuthamangira kumeneko. Zikafika apa, magazi akuda akumanja amayamba kudutsa pabowo kupita kumanzere, n'kulowa m'thupi asanapite kumapapo. 84 wa pachala uja akunena zimenezo, ndipo 0.9:1 akutanthauza kuti opita kumapapo tsopano ndi ochepa kuposa opita m'thupi. Matendawa amatchedwa Eisenmenger, potengera dzina la dokotala wa ku Vienna amene anawafotokoza mu 1897.

Atatseka bowolo lero, chipinda chakumanja chingatsale chikukankha magazi onse kupita m'mapapo ouma popanda pothawira, ndipo chingafooke msanga. Bowo lomwe linamuvulaza ali mwana ndi lomwenso likumupepuza pano. Anthu ambiri a matendawa amakhala zaka zambiri akadzisamala, ndipo alipo mankhwala ofewetsako mitsempha ya m'mapapo, monga sildenafil ndi bosentan, omwe amachepetsa befu mwa odwala ena. Amwe okhawo omwe adokotala a mtima amulembera.

Za mimba musazitenge mopepuka, ngakhale achibale kapena akuchimuna atakakamiza bwanji. Pa matenda onse a mtima, amenewa ali m'gulu la oopsa kwambiri kwa mayi woyembekezera, makamaka pobereka ndi masiku otsatira. Apite kukakambirana za njira yolera yomuyenera, ndipo anene za mtima wake, chifukwa mapiritsi okhala ndi estrogen amaonjezera chiopsezo cha magazi kuundana. Azimwa madzi okwanira, makamaka nyengo yotentha kapena akatsegula m'mimba. Akamuyeza magazi adzapeza kuti ndi ochuluka kuposa a anthu ena. Limenelo ndi thupi likudziteteza, asalole kuchotsedwa magazi popanda dokotala wa mtima kuvomereza. Ndipo akagonekedwa m'chipatala chilichonse, inu achimwene muziwakumbutsa anamwino kuti m'chubu cha diripi musalowe kampweya ngakhale kakang'ono, chifukwa kwa iye kangadutse pabowo n'kukafika ku ubongo.

A Dokotala,

Mwana wathu wa miyezi 5 anamupeza ndi kabowo kakang'ono atamujambula ku Lilongwe. Akuyamwa bwino ndipo akunenepa. Mnzanga akuti tiumirire kuti amuyeze ndi kachubu kuti titsimikize. Titero?

Bambo wa ku Mchinji

Ayi bambo, musaumirire. Masiku ano kujambula mtima ndi kachipangizo koyendetsa pachifuwa, komwe timati echo, kumaonetsa malo a bowo, kukula kwake, komwe magazi akulowera, ngakhalenso kuyerekeza Qp:Qs, popanda kubaya mwana. Kachubu timasungira ana omwe echo yasiya mafunso, makamaka ofika mochedwa omwe tikukayikira mapapo awo, kapena pomwe bowolo likhoza kutsekedwa kudzera m'kachubu komweko.

Komanso kwa kabowo kakang'ono, kuyeza okosijeni ndi kumene kumalephera. Magazi odutsa akakhala ochepa, nambala imalumpha pang'ono kwambiri moti sungasiyanitse ndi kusinthasintha kwa masiku onse. Manambalawa amasokonekeranso mwana akamapuma mosakhazikika poyezedwa, akakhala pa okosijeni woonjezera, kapena akakhala ndi magazi ochepa m'thupi. Ndiye mungamugonetse ndi mankhwala, kumubaya pamphechepeche ndi kumuika pa X-ray, mapeto ake osaphunzirapo chatsopano.

Timabowo tambiri tating'ono ta pakhoma lam'munsi timatsekeka tokha m'zaka zoyambirira. Phokoso lomwe adokotala amamva pachifuwa lisakuopseni, kabowo kakang'ono nthawi zina kamasokosera kuposa bowo lalikulu. Pitirizani kupita naye kusikelo mwezi uliwonse, alandire katemera yense, ndipo musaphonye tsiku lomwe anakupatsani lokajambulitsanso. Mukaona kuti wayamba kusiyiza bere panjira, kutuluka thukuta poyamwa, kupuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, kapena sikelo yaima miyezi iwiri yotsatizana, bwererani naye kuchipatala tsiku lokajambulitsalo lisanafike.